Bambo anagona ku Ntcheu koma anthu awo ali ku Chiradzulu, tiwakumbukire kuti?

Mwana_wachitatu

Abale anga ndithandizeni nzeru, mwina pano alipo amene anadutsamo mu zoterezi. Bambo athu anatisiya chaka chatha mu Juni, shuga ndi BP zinawazunza nthawi ndithu mpaka anagonja. Pano chaka chakwana tikufuna tichite kanthu kowakumbukira koma m'banja mwabuka kusamvana komwe ine sindimayembekezera.

Bambowa kwawo kobadwira ndi ku Ntcheu koma anakwatira mayi athu ku Chiradzulu, mbali ya ku Namitambo, ndipo anakhala pa chikamwini zaka zoposa 40, ife tonse ana 6 tinabadwira ndi kukulira komweko. Atamwalira abale awo anabwera ndi lole kuti mwana wathu akagone pafupi ndi mayi ake, amfumu a kwathu anayesa kudandaula koma anakanika, tinanyamuka. Ku Ntcheuko amene anawerenga mbiri ya malemu anali msuweni wawo yemwe mwina anawaona komaliza ali anyamata, anangoti anabadwa chaka chakuti, sukulu analekezera sitandade 8, asiya mkazi, ana 6 ndi zidzukulu 11, basi anakhala pansi. Ine ndili pa mphasa ndi azimayi misozi inachita kuuma ndi mkwiyo, kuti munthu uja ndi ameneyu basi??

Chifukwa ku Chiradzulu mukafunsa mwana aliyense akuuzani. Nthawi ija matenda a Edzi anavuta, maliro tsiku ndi tsiku, bambo anali m'gulu loyamba la mavolontiya oyendera odwala m'makomo kwathuko, azibambo analimo awiri okha pakati pa azimayi ambirimbiri ndipo anzawo amawaseka kuti mwamuna wamtundu wanji wosambitsa odwala. Njinga yawo ya kapalasa ija inanyamula anthu osawerengeka kupita nawo kuchipatala, ena pa kaliyala atawamanga ndi chitenje kumsana kwawo kuti asagwe. Analinso mu komiti ya mjigo zaka zambiri, mjigo ukangoyamba kutulutsa madzi pang'onopang'ono amadziwa kuti rabala yatha, amasonkhanitsa anyamata kuzula mapaipi. Pa maliro a aliyense iwo ndi amene amadzuka usiku kukadzutsa adzukulu. Ngakhale pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, miyendo itayamba kale kutupa, anakakamira kupita kusukulu komwe kunathawira anthu kukathandiza kulemba maina ndi kugawa phala. Kunyumba nako sanali wa mowa kapena wa mitala, fizi yathu inachokera mu nandolo ndi tomato, mayi akadwala amaphika okha nsima osachita manyazi ngakhale apongozi akuona.

Tsopano vuto ndi ili. Achimwene athu aakulu amene ali ku Joni akufuna chiliza chachikulu cha matailosi ku Ntcheu, azakhali akugwirizana nawo, akuti manda akungokhala mulu wa dothi ngati munthu analibe ana. Ine ndi mng'ono wanga tikufuna ndalamazo tikonzetse mjigo umene unafa bambo atangomwalira, tiphike chakudya tiitane mudzi wonse ndi anzawo a m'gulu lija, anthu alankhule zimene akudziwa. Ndinapezanso kope lawo lakale momwe amalembamo anthu onse amene amawayendera, ndimafuna ndidzawerenge pa tsikulo kuti anthu aone kukula kwa ntchito yawo. Ndalama zochitira zonse ziwiri palibe. Ndiye inu mukanatani?

Aphunzitsi_opuma

Pepani mwana wanga ndi imfa ya bambo anu. Ndawerenga kawiri zimene mwalembazi ndipo ndikuona kuti mtima wanu ukuwawa ndi mbiri ija inawerengedwa mwachidule, osati kwenikweni ndi chiliza. Musazisakanize zinthu ziwirizi.

Ine ndine wa ku Dedza ndipo zoterezi ndaziona kambiri. Kwathu kuno mkamwini ngakhale akhale zaka 50 pamudzi, amange nyumba ya malata, abzale mango mpaka adye zipatso zake, tsiku lomwalira eni ake amabwera ndithu. Si nkhanza ayi, kwa iwo uja ndi mwana wawo amene anangomubwereketsa. Azakhali anuwo akamanena za mulu wa dothi dziwani kuti iwo ndi amene amadutsa pafupi ndi mandawo, akapita kukaika maliro ena amaona ziliza za anzawo, ndipo anthu amanong'ona kuti ana a uje ali m'tauni ena ku Joni koma bambo awo anawataya. Manyazi amenewo amagwera iwo osati inu amene muli kutali. Komanso pali chifukwa china chosavuta kumva, mvula ikagwa zaka zitatu zinayi mtumbira umafafanizika, mtanda wa thabwa chiswe chimadya, adzukulu atsopano sadziwa kuti apa pagona ndani. Ndinaonapo banja likukangana pamanda kuti agogo ali apa kapena apo, zinali zomvetsa chisoni.

Koma chiliza sichifuna matailosi. Njerwa, mchenga, matumba angapo a simenti, mmisiri wa pamudzi pomwepo, dzina ndi zaka kulemba simenti isanaume, chatha. Zinazi ndi mpikisano chabe umene wabwera masiku ano. Mukachepetsa pamenepo chotsalacho chikhoza kugwira ku mjigo. Ndipo langizo langa, nkhaniyi musakambirane pa gulupu ya WhatsApp ya ana okhaokha, pamenepo mungotukwanizana. Tumani amalume anu, alongo awo a mayi, akakhale pansi ndi a ku Ntcheu monga mwa mwambo, ankhoswa ngati akadali moyo akhalepo. Achimwene anu aja akamva kuti akuluakulu agwirizana zakuti, sangalimbe mutu.

Funso limodzi lokha. Mwatchula achimwene, azakhali, mng'ono wanu, inuyo. Nanga mayi akuti chani?

Mayi_wa_ku_Thyolo

Achemwali ndalira powerenga, chifukwa ine ndinali volontiya ngati bambo anuwo, kwathu ku Thyolo, ndinayamba ndili ndi mwana kumsana pano ndili ndi zidzukulu. Ana a masiku ano sangamvetse mmene zinalili. Mankhwala otalikitsa moyo asanabwere munthu akayamba kuonda ndi kutsekula m'mimba abale amamusunthira m'kanyumba kakuseri, mbale yake yake, kapu yake yake, ena amati wamulodza ena amati ndi kanyera kapena tsempho, dzina lenileni la matendawo palibe amalitchula. Ife timafika ndi kachikwama muli magolovesi, panado, bakitirimu, ORS ndi mankhwala opaka pa zilonda aja a pepo, nthawi zina magolovesi atha timavala majumbo a shuga m'manja. Kumusambitsa munthu, kumutembenuza kuti asachite zilonda za pamphasa, kuchapa zofunda, kuphika kaphala, kenako kukhala pansi ndi abale kuwauza kuti kudyera mbale imodzi sikupatsirana. Malipiro kunalibe, mwina tisheti, ambulera, nthawi zina sopo. Ndiye chaka cha njala chija cha 2002 zinafika poipa, umapita kukaona wodwala iwenso m'mimba muli gwaa, iye akukuyang'ana m'manja ngati wabweretsa kanthu.

Inu a ku Chiradzulu munali ndi mwayi chifukwa madokotala a bungwe la MSF anayamba kupereka ma ARV kumeneko mu 2001, boma lisanayambe kugawa aulere dziko lonse mu 2004. Ife timamva kuti ku Chiradzulu anthu amene anali atagona akudzuka kukalima, sitimakhulupirira mpaka zinafika kwathu. Koma mankhwala kufika sikunali kutha kwa ntchito, kunabwera ina yolondola amene asiya kumwa, munthu wapeza bwino pang'ono wataya botolo, kapena wapita ku mapemphero amuuza kuti wachira. Bambo ngati anuwo anali ofunika zedi chifukwa azibambo odwala amakana kusambitsidwa ndi ife azimayi, ndiye gulu likakhala ndi mwamuna mmodzi yekha amathamanga midzi yonse. Kuwaseka kuja ndikukudziwa bwino, athu amawatcha anamwino.

Koma chonde chonde achemwali, kope lija MUSAWERENGE pagulu. Ndakupemphani. Maina ali mmenemo ndi a anthu amene anawakhulupirira bambo anu pa nthawi imene sakanauza ngakhale mkazi wawo. Ena ali moyo, anakwatiranso, ana awo sadziwa. Ena anamwalira ndipo abale mpaka lero amanena kuti chinali chifuwa chachikulu basi. Ife potiphunzitsa chinthu choyamba chinali chinsinsi, ndipo ngati bambo anu anakhala zaka zonsezi anthu akuwakonda ndiye kuti pakamwa pawo panali potseka. Mukawerenga mainawo mudzagwetsa tsiku limodzi chimene iwo anasunga moyo wonse. Inuyo ngati mwaliwerenga kale, zimene mwaonazo mumeze.

Ngati mukufuna anthu adziwe, itanani anzawo a m'gulu amene atsala, apatseni mpata alankhule. Mudzadabwa, ena mwa odwala aja adzaimirira okha kunena kuti ine ndinanyamulidwa pa njinga imeneyi. Akanena mwini wake ndi zina.

Mwana_wachitatu

Mayi zikomo kwambiri, ndachita manyazi. Ndinangoona kuchuluka kwa masamba ndi kusangalala, za chinsinsi sindinaganize n'komwe. Ndinatsegula masamba awiri atatu oyamba okha ndipo dzina lina ndinalizindikira, ndi munthu amene timapemphera naye. Sindiwerenganso.

Aphunzitsi, funso lanu landibaya. Mayi sitinawafunse. Timangoti ndi okalamba tisawavutitse.

Chatsalira_Ndirande

Ine mundikhululukire ndilankhula zosiyana ndi anzanga, mwina ena zikuwawani. Madala anga analinso otero, wapampando wa komiti ya sukulu, wa komiti ya chitukuko, mkulu wa mpingo, paliponse pofunika munthu wongodzipereka iwo amakhala kutsogolo. Pulayimale itakhala yaulere mu 1994 ana anadzaza mpaka pansi pa mitengo, madala ndi amene anatsogolera kuumba njerwa za mabuloko awiri, miyezi yathunthu ali ku dambo ndi chikombole. Pa maliro awo anthu analankhula mpaka dzuwa kupendeka, aliyense bambo wa tonse bambo wa tonse. Ine ndili phee ndikukumbuka kuti chaka chomwe amaumba njerwa za sukulucho nyumba yathu imadontha, timagona titaimika mphasa, munda wathu unalimidwa mochedwa chifukwa eni ake anali ku miting'i, ndipo ine ndinasiyira fomu 2 kusowa fizi pomwe iwo akuyenda khomo ndi khomo kulemba ana amasiye oti athandizidwe ndi bungwe. Amati dzina la mwana wanga sindingalembe anthu adzati ndadyapo. Ulemu anapita nawo, ine ndikupalasa kabaza.

Sindikuti bambo anu anali choncho achemwali, mwanena nokha kuti fizi amalipira ndipo nsima amaphika, amenewo ndiye anali osowa. Koma pa anthu odzipereka chonchi pamakhala wina kunyumba amene amalipira mtengo wake mwakachetechete, kawirikawiri ndi mkazi. Njinga ikapita kuchipatala ndi wodwala, chimanga chopita kuchigayo chimakwera pamutu pa ndani? Wodwala akabwera usiku kugogoda, amadzuka kukoleza moto ndani? Ndiye pa mwambo wanuwo mayi asadzangokhala pa mphasa atafunda chitenje anthu akutamanda amuna awo, adzatchulidwe nawonso akumva ndi makutu awo.

Komanso mufunse achimwene anuwo bwinobwino chifukwa chake akulimbikira chiliza. Woyamba kubadwa amaona zimene ang'ono simunaone. Mwina iwo za mudzi zinawakwana kalekale, akufuna chinthu chimodzi chokha chimene chili cha banja osati cha anthu onse. Ine ndikanakhala iwo ndikanamva choncho.

Mlongo_wa_ku_Joni

Achimwene a ku Ndirande mwalankhula zoona zowawa, pepani.

Ine ndiikepo za ndalama poti ndili konkuno ndipo ndikudziwa mmene zimakhalira. Munthu ukakhala kunja maliro a kholo amakupeza uli pa ntchito ya mzungu, mwina mapepala sali bwino, ukatuluka pa Beitbridge kubwerera ndi nkhani ina, ndiye ambiri amaika maliro pa foni, kuonera pa vidiyo kolo netiweki ikudukaduka. Ngati achimwene anu sanafike pa maliro ndiye chiliza chija kwa iwo ndi maliro awo amene sanalire. Musawaone ngati ofuna kudzionetsera.

Ife tinachita chonchi pa mayi athu. Ndalama sitinatumize kwa munthu mmodzi kuti asunge, chifukwa kwacha simadikira, munaona mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi ndipo simenti inakwera nthawi yomweyo, amene anasunga ndalama m'foni analira. Ikangofika pa Mpamba kapena Airtel Money tsiku lomwelo munthu apite akagule katundu, risiti ajambule aponye pa gulupu aliyense aone. Simenti yokha musagule msanga kwambiri imauma m'thumba ikakhala pa chinyontho, yambani ndi njerwa ndi mchenga. Ndipo nthawi yabwino ndi ino ya chilimwe anthu atakolola, chakudya chilipo, misewu ya kumudzi ikuyendeka, mukadikira mpaka Disembala mudzalimbana ndi matope komanso anthu ali kumunda.

Za mjigo, musanalonjeze pagulu pezani kaye mekaniki wa m'dera auone. Ngati ndi mjigo wa mtundu wa Afridev, imene ili yambiri m'midzimu, nthawi zambiri chimafa ndi marabala ndi tizitsulo tina tosadula kwenikweni, koma ngati mapaipi anathyokera pansi kapena madzi anaphwa ndiye ndi nkhani yaikulu yoposa thumba lanu. Chinanso, mukaukonza inu nokha osadzutsa komiti, pakatha chaka udzafanso ndipo anthu adzati tiyeni tiimbire ana a malemu aja. Mjigo sunafe chifukwa cha rabala yokha, unafa chifukwa amene amatolera ndalama za mwezi ndi mwezi ndi kukalipira anthu kulibenso. Amfumu aitanitse msonkhano asankhe anthu, inu mungothandiza poyambira.

Mwana_wachitatu

Ndabweranso abale, pepani ndinasowa masiku angapo, ndinapita kumudzi Loweruka.

Ndinakhala ndi mayi pakhonde madzulo tikusola nandolo, ndinawafunsa monga munandiuzira aphunzitsi. Anakhala chete nthawi yaitali mpaka ndinaganiza kuti sanamve. Kenako anati, inu ana mukukangana za simenti, ine chiikireni amuna anga sindinapondeko ku Ntcheu, palibe anandifunsa ngati ndikufuna kukaona pamene anagona. Tsiku loika lija anali osadziwa kanthu ndi chisoni, akuti sakumbukira ngakhale mtengo umene uli pafupi. Ine ndinangoti kakasi. Chaka chathunthu, ana 6, palibe anaganizapo za thiransipoti ya munthu mmodzi.

Ndinawafunsanso zija munanena achimwene a ku Ndirande, ngati ntchito za bambo zimawapweteka. Anaseka kaye, akuti kangapo konse anawabisira pampu ya njinga kuti alephere kuchoka, bambo amangopita wapansi. Akuti chaka china bambo anatenga nkhuku yomwe mayi amasungira Khirisimasi kukaphikira wodwala msuzi, sanalankhulane masiku atatu. Koma akuti mchemwali wawo weniweni wa mayiwo atadwala, abale onse atathawa, amene anamusamala mpaka tsiku lomaliza anali mkamwini yemweyo, ndiye kuyambira pamenepo pampu sanabisenso. Nkhani imeneyi ine sindimaidziwa, ndinali wamng'ono, timangouzidwa kuti amayi aang'ono anadwala chifuwa.

Kope ndawabwezera. Analitenga osatsegula n'kukaliika pansi pa sutikesi yawo, akuti limakhala mmenemo kale ine ndi amene ndinalifukula.

Achimwene a ku Joni ndinawaimbira Lamulungu, tinalankhula mwina ola lathunthu, koyamba chimwalirire bambo osakalipirana. Mlongo wanga munalasa, pa maliro sanabwere ndipo zimawadya. Matailosi sanasiye kuwafuna, kkkk amenewo ndi achimwene anga, koma avomera kuti amalume akakambirane ndi azakhali kaye ndipo ati thiransipoti ya mayi alipira okha pa ulendo woyamba, tipita nawo kumapeto kwa mwezi uno kudzera pa Zalewa, chiliza chisanayambe n'komwe. Za chakudya cha mudzi mayi akuti tisavutike kugula zambiri, azimayi a m'gulu lija anabwera kale kawiri kudzafunsa kuti chikumbutso chili liti, aliyense akufuna kubwera ndi ufa wake ndi nkhuni. Njinga akuti isagulitsidwe ndipo isapite ku Ntcheu, ili m'chipinda matayala onse aphwa.

Mekaniki anabwera dzulo, wazula, akuti mapaipi ali bwino koma marabala onse ndi ndodo ziwiri zatha dzimbiri. Amfumu ati msonkhano wa komiti ukhala Lachitatu likudzali ngakhale anthu akukankhirana kale za usungichuma, palibe akufuna. Alipo akudziwa sitolo ku Limbe komwe ndingapeze zipangizo za Afridev zenizeni osati zachinyengo zija zimatha mwezi umodzi? Ndili ndi mndandanda umene wandilembera mekanikiyo, ndikhoza kuujambula ndiponye pano.